Momwe mungaunikire ngati kumasula chuma kwathandiza kapena kwapha mafakitale

Ntchito yanga ndi yowerenga ziwerengero za mafakitale ndi kulemba malipoti. Ophunzira ndi atolankhani amene ndimathandizana nawo amabwera kawirikawiri ndi funso limodzi: dziko lakutilakuti linamasula chuma chake, kodi mafakitale ake anapindula kapena anagwa? Ambiri amafika atasankha kale yankho. Ena anaphunzitsidwa kuti msika waufulu umakonza zonse. Ena anaona fakitale ya nsalu itatsekedwa, kholo lawo litachotsedwa ntchito, ndipo kwa iwo mlandu unagamulidwa kalekale. Onsewa ndimawamvetsa. Koma ngati mukufuna kulemba zoona pa nkhaniyi, kaya ndi pepala la kusukulu kapena nkhani ya m'nyuzipepala, pali njira yoti muyendemo, ndipo iyi ndi imene ine ndimatsata.

Lembani chaka cha chinthu chilichonse pachokha

Palibe boma limene linamasula chuma tsiku limodzi. Pamakhala zinthu zingapo zosiyana: kutsitsa msonkho wa katundu wolowa m'dziko, kuthetsa ziphaso zoitanitsira katundu kunja, kusiya kulamula mitengo, kulola msika kuti uziika mtengo wa ndalama ya dziko, kumasula mabanki kuti aziika okha chiwongoladzanja, kugulitsa makampani a boma, ndi kulola alendo kukhala ndi makampani awo m'dzikomo. Zambiri mwa izi zili pa mfundo 10 zimene katswiri wa zachuma John Williamson anasonkhanitsa mu 1989, zimene World Bank, IMF ndi boma la America ankalimbikitsa nthawi imeneyo. Chilichonse chimagunda fakitale mbali yakeyake. China chimaipatsa mphamvu, china chimaifooketsa, ndipo zikhoza kuchitika chaka chimodzi.

Tengani pepala, jambulani mzere wa zaka, muike chinthu chilichonse pa chaka chake. India ndi chitsanzo chabwino chophunzirirapo. Aliyense amatchula 1991, ndipo n'zoona kuti chaka chimenecho ndalama zakunja za dzikolo zinatsala zokwanira kugula katundu wa masabata ochepa chabe. Boma la P.V. Narasimha Rao linachepetsa mphamvu ya rupee kawiri kumayambiriro kwa July, ndipo pa 24 July linathetsa ziphaso zotsegulira mafakitale kupatula m'magulu 18 okha. Nduna ya zachuma, Manmohan Singh, inatsitsa msonkho wapamwamba kwambiri wa katundu wolowa m'dziko kuchoka pa mlingo woposa 300 peresenti kufika pa 150. Koma mzere wanu ukayambira ndi kuthera pa 1991 ndiye kuti mwaphonya. Ziphaso zina zinachotsedwa kale mu 1985, nthawi ya Rajiv Gandhi. Zoletsa kuitanitsa katundu wa m'masitolo zinatha mu 2001. Mndandanda wa zinthu zoposa 800 zimene zinkaloledwa kupangidwa ndi timafakitale ting'onoting'ono tokha unatheratu mu 2015. Fakitale imene mukuifufuza ili ndi chaka chake chimene mpikisano unaifikira pakhomo, ndipo chakacho ndicho mufune. Malipoti a WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa maiko, ounika ndondomeko za malonda za dziko lililonse ndi zikalata za bajeti za zaka zimenezo ndizo zimakupatsani masiku enieni.

Funsani kuti chuma chinali bwanji asanachimasule

Maboma ambiri anamasula chuma atapanikizika, ngongole itafika m'khosi, ndalama zakunja zitatha. Munthu amapita kuchipatala atadwala kale, ndiye akatuluka ali wowonda musafulumire kunena kuti mankhwala ndiwo amuwondetsa, ndipo akanenepa musaiwale kuti mwina ndi chakudya chimene abale ankamubweretsera. Apa ndi pamene ambiri amasochera poyerekeza zaka zisanu za m'mbuyo ndi zaka zisanu za m'tsogolo.

Ghana isanayambe ndondomeko yake yokonzanso chuma mu 1983, pansi pa Jerry Rawlings, mafakitale ambiri ankagwira ntchito osafika n'komwe pa theka la mphamvu zawo, chifukwa kunalibe ndalama zakunja zogulira zipangizo ndi zitsulo zokonzera makina. Ndondomekoyo itayamba, ndalama za ngongole ndi za chithandizo zinalowa, zipangizo zinayamba kufika, makina amene anali chiimire anadzuka, ndipo zopangidwa zinakwera msanga. Wongoyang'ana zaka zoyambirirazo akhoza kulemba kuti kumasula chuma kwadzutsa mafakitale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, katundu wakunja atayamba kulowa mosavuta, kukwera kuja kunazilala ndipo mafakitale a nsalu anayamba kuvutika. Chimene chinachitika poyamba chinali kudzuka kwa makina akale, ndipo n'chosiyana ndi kumanga mafakitale atsopano. Muzisiyanitsa ziwirizi nthawi zonse.

Njira yabwino yopewera msampha uwu ndi kuyerekeza mafakitale a m'dziko limodzi lomwelo, m'zaka zomwezo. Chilala, kukwera kwa mafuta ndi nkhondo zimagwera onse. Koma msonkho sutsika mofanana: wa nsapato ukhoza kutsika kwambiri pamene wa simenti sunasunthe. Katswiri wa zachuma Nina Pavcnik anachita zoterezi ndi mafakitale a ku Chile a zaka za 1979 mpaka 1986, ndipo anapeza kuti amene ankapikisana ndi katundu wakunja anawonjezera luso lawo lopanga zinthu ndi 3 mpaka 10 peresenti kuposa amene katundu wawo sadutsa malire. Anapezanso kuti gawo lina la kukwerako linadza chifukwa mafakitale ofooka anatsekedwa. Mfundo yachiwiriyi muisunge, tibwereranso.

Werengani msonkho wa zipangizo padera

Ngati pali gawo limene ndimafuna kuti aliyense alidziwe bwino, ndi ili. Msonkho umene walembedwa pa katundu womalizidwa sukuuzani mmene fakitale yatetezedwera. Muyenera kudziwanso msonkho wa zipangizo zimene imagula.

Tiyeni tichite samu, ndi manambala ongoyerekeza. Malaya amagulidwa 100 pa msika wa dziko lonse, kaya ndi ndalama ya dziko liti. Nsalu, ulusi ndi mabatani zimadya 60. Gawo la fakitale, limene imalipirira antchito, magetsi, makina ndi kupeza phindu, ndi 40. Boma likaika msonkho wa 20 peresenti pa malaya olowa, nsalu n'kumalowa yaulere, fakitale ikhoza kugulitsa malaya ake 120. Zipangizo zikadali 60, gawo lake lafika 60. Kuchoka pa 40 kufika pa 60 ndi 50 peresenti. Pa pepala msonkho ndi 20, koma chitetezo chenicheni ndi 50. Tsopano tinene kuti boma latsitsa msonkho wa malaya kufika pa 10 peresenti, koma nsalu ikulipira 20 peresenti pofuna kuteteza fakitale ina yoomba nsalu, kapena pongofuna ndalama za msonkho. Malaya agulidwa 110, zipangizo zadya 72, gawo la fakitale latsala 38. Latsika kuposa mmene likanakhalira pakanapanda msonkho uliwonse. Wosoka malaya akulangidwa ndi boma lake lomwe, ngakhale buku la msonkho likusonyeza kuti ndi wotetezedwa.

Samu imeneyi ichiteni pa fakitale iliyonse imene mukuifufuza. Simufunika kompyuta, mufunika kudziwa zimene fakitale imagula ndi mitengo yake, ndipo woyang'anira mabuku a ndalama angakuuzeni pa mphindi zochepa.

Kafukufuku wa m'maiko angapo akugwirizana pa mfundoyi. Mary Amiti ndi Jozef Konings, pounika mafakitale a ku Indonesia a zaka za 1991 mpaka 2001, anapeza kuti kutsitsa msonkho wa zipangizo ndi mapointi 10 kunakweza luso la mafakitale oitanitsa zipangizozo ndi pafupifupi 12 peresenti, kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo phindu lochokera ku kutsitsa msonkho wa katundu womalizidwa. Ku India, akatswiri ena anapeza kuti 31 peresenti ya zinthu zatsopano zimene mafakitale a m'dzikomo anayamba kupanga zinatheka chifukwa cha kutsika kwa msonkho wa zipangizo, makamaka poti zipangizo zakunja zimene kale sizinkapezeka zinayamba kupezeka.

Mukayang'ana maiko amene mafakitale awo anakuladi, muona kuti ambiri anayamba ndi khomo la zipangizo, la katundu womalizidwa n'kulitsegula pang'onopang'ono. Mauritius inakhazikitsa lamulo la mafakitale ogulitsa kunja mu 1970, nsalu ndi makina n'kumalowa opanda msonkho, pamene msika wa m'dzikomo unakhala wotetezedwa kwa zaka zambiri. China inatsegula madera anayi okhala ndi malamulo apadera a malonda mu 1980, Shenzhen, Zhuhai, Shantou ndi Xiamen, ndipo inalowa mu WTO mu December 2001, patatha zaka zoposa 20. Ku Bangladesh, kampani yosoka zovala ya Desh inatumiza antchito 130 kukaphunzira ku fakitale ya Daewoo ku Korea mu 1979, boma linalola kuti nsalu zosokera zovala zogulitsa kunja zizisungidwa m'nyumba zosalipira msonkho, ndipo ambiri mwa ophunzirawo anadzatsegula mafakitale awoawo. Ku South Korea, Pulezidenti Park Chung-hee ankatsogolera yekha msonkhano wa mwezi ndi mwezi woona za katundu wogulitsa kunja, ndipo ngongole zotchipa zinkapita kwa amene akwaniritsa zimene analonjeza kugulitsa. Ine ndimaona kuti dongosolo la chimene chiyambe ndi chimene chitsatire ndilo limafotokoza zambiri kuposa kukula kwa msonkho weniweniwo.

Mtengo wa ndalama ndi chiwongoladzanja

Msonkho ukhoza kutsika bwinobwino koma fakitale n'kuphedwa ndi mtengo wa ndalama. Chile inafika pa msonkho umodzi wa 10 peresenti mu 1979, ndipo chaka chomwecho inakhomera peso pa 39 pa dola imodzi. Mitengo ya zinthu m'dzikomo inapitiriza kukwera pamene dola ili pomwepo, choncho katundu wakunja ankatchipirachipira, wa m'dzikomo akudula. Mu 1982 chuma chinagwa ndi pafupifupi 14 peresenti, makampani ndi mabanki ambiri anagwa nacho, ndipo boma linakwezanso msonkho kufika pa 20 peresenti mu 1983 ndi 35 peresenti mu 1984 lisanayambenso kuutsitsa. Wolemba za mafakitale a ku Chile osatchula za peso wasiya theka la nkhani. Pa mzere wanu wa zaka uja onjezani mtengo wa dola mutachotsapo kukwera mitengo kwa zinthu, ndi chiwongoladzanja cha ngongole za kubanki. Mabanki akamasulidwa nthawi imene boma likukongola kwambiri, amakonda kukongoza boma, ndipo mwini fakitale amene akuuzidwa kuti agule makina atsopano kuti apikisane sapeza ngongole yoti angaikwanitse.

Ziwerengero zoti mukhulupirire ndi zoti muzikayikire

Musagwiritse ntchito ndalama zonse zimene mafakitale agulitsa. Fakitale yongolumikiza zidutswa zochokera kunja imaoneka yaikulu pa malonda koma gawo lake ndi lochepa. Funani gawo limene mafakitale awonjezera pa zipangizo, limene m'mabuku a UNIDO, bungwe la United Nations loona za mafakitale, ndi a World Bank limalembedwa kuti manufacturing value added, ndipo mutenge limene lachotsedwa kukwera kwa mitengo. Za katundu wolowa ndi wotuluka mupeza ku UN Comtrade, nkhokwe ya ziwerengero za malonda ya United Nations. Gawo la mafakitale pa chuma chonse musalidalire lokha, chifukwa likhoza kutsika kamba koti migodi kapena mafoni zakula msanga, mafakitale asanabwerere m'mbuyo ngakhale pang'ono.

Chiwerengero chimene chimanyenga kwambiri ndi cha zimene wantchito mmodzi amapanga. Fakitale ya anthu 1,000 ikachotsa 400, zopangidwa n'kutsika pang'ono chabe, chiwerengerochi chimakwera ndipo lipoti limati luso lawonjezeka. Si bodza, koma anthu 400 aja apita kuti? Margaret McMillan ndi Dani Rodrik anasonyeza mu 2011 kuti kuyambira 1990, m'maiko ambiri a mu Africa ndi Latin America antchito ankachoka ku ntchito zobereka zambiri kupita ku zobereka zochepa, pamene ku Asia ankayenda mbali inayo. Munthu amene ankayendetsa makina oombera nsalu akayamba kugulitsa kaunjika m'mbali mwa msewu, fakitale imaoneka yaluso koma dziko lataya. N'chifukwa chake pambali pa kalembera wa mafakitale muyenera kutsegulanso kafukufuku wa ntchito ndi wa m'mabanja. Kumbukiraninso kuti mndandanda wa mafakitale umene mwapatsidwa lero uli ndi okhawo amene anapulumuka. Funani mndandanda wa chaka chimene kusinthako kusanayambe, muufananize ndi watsopano dzina ndi dzina, muwerenge amene asowa.

Lowani m'fakitale

Manambala akakusonyezani kolowera, pitani mukaone. Mwini wake adzakuuzani kuti vuto ndi katundu wotchipa wakunja, ndipo mumve bwino zimenezo. Kenaka mupemphe kulankhula ndi woyang'anira makina ndi kalaliki wa kusitolo ya zipangizo. Ine ndimayamba ndi kachitsulo kokhomedwa pambali pa makina, kamene kamalembedwa dzina la wopanga ndi chaka. Ndimapukuta fumbi ndi mafuta ndi chala n'kuwerenga. Makina onse akakhala a zaka 30 zapitazo, ndiye kuti m'zaka zonse za chitetezo phindu silinabwerere m'fakitale, ndipo funso langa limasintha. Ndimayang'ananso makina ophimbidwa ndi lona n'kufunsa kuti, "Bambo, amenewa anaima liti, ndipo chinawaimitsa n'chiyani?" Yankho likhoza kukhala oda imene inatha, kachitsulo kamene kakudikira kudoko, kapena magetsi. Buku la jenereta, mmene amalemba maola amene yalira ndi dizilo amene yamwa, limafotokoza zambiri kuposa lipoti la pachaka. Funsani kuti kale ankagwira mashifiti angati ndipo pano ndi angati, kontena ya zipangizo imatenga masiku angati kuchoka padoko kufika pageti, ndi kuti ndalama zakunja akazipempha kubanki amadikira nthawi yaitali bwanji.

Mayankho amenewa amakuthandizani kulekanitsa fakitale imene yagonja chifukwa inali yaulesi pansi pa chitetezo ndi imene inali yokonzeka kupikisana koma yasowa magetsi, msewu ndi ngongole. Zonsezi zilipo, ndipo si chilungamo kuziika m'thumba limodzi.

Tsatani ndalama mpaka kwa amene analonjezedwa

Kumasula kulikonse kumakhala ndi amene akuti apindula. Afufuzeni. Nkhani ya mtedza wa kashu ku Mozambique ndiyo imandikhudza kwambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 dzikoli linali patsogolo padziko lonse pa mtedzawu, ndipo linali ndi mafakitale ousenda. Boma linkaletsa, kenaka n'kumalipiritsa msonkho waukulu, potumiza mtedza wosasenda kunja, kuti mafakitale azipeza wotchipa. Pakati pa zaka za m'ma 1990 World Bank inaumirira kuti msonkhowo utsike, ponena kuti alimi osauka ndiwo ankalipira chitetezo cha mafakitale polandira mtengo wotsika. Mfundoyo inali ndi nzeru yake. Koma mafakitalewo anali atangogulitsidwa kumene kwa anthu wamba, eni atsopano asanakonze makina. Mtedza unayamba kupita wosasenda ku India, mafakitale ambiri anatsekedwa, ndipo antchito pafupifupi 10,000 anataya ntchito. McMillan, Rodrik ndi Karen Horn Welch atawerengera mu 2002, anapeza kuti banja la mlimi linawonjezera pafupifupi madola 5.30 pa chaka. Gawo lalikulu la mtengo wokwerawo linathera mwa amalonda apakati ndi ochepa otumiza kunja. Pa pepala alimi anayenera kupindula, koma pakati pa munda ndi doko panali manja ambiri ndipo ogula anali ochepa. Pa kafukufuku wanu werengani kuti ogula alipo angati, ndipo mufunse mlimi kapena wogula wamba mtengo umene iye anauona m'manja mwake.

Boma nalo limataya. Maiko osauka amadalira kwambiri msonkho wa pamalire, ndipo Thomas Baunsgaard ndi Michael Keen a ku IMF anapeza kuti maiko otere anabwezeretsa masenti osapitirira pafupifupi 30 pa dola iliyonse imene anataya potsitsa msonkhowo. Ndalama zimenezo ndi zomwe zikanakonza magetsi ndi misewu imene mafakitale akulira.

Zochitika kunja, ndi nthawi yoti mudikire

Musanatseke lipoti, onani ngati malamulo a misika yakunja sanasinthe m'zaka zomwezo. Lamulo la boma la America lotchedwa AGOA la mu 2000 linatsegulira maiko a mu Africa msika wa America, ndipo ku Lesotho antchito osoka zovala anafika pafupifupi 50,000 mu 2004. Pa 1 January 2005 malire a kuchuluka kwa zovala zimene dziko lililonse linkaloledwa kugulitsa ku maiko olemera, amene anayamba mu 1974, anatha. China inalowa ndi mphamvu zake zonse, rand ya South Africa, imene ndalama ya Lesotho imayendera limodzi nayo, inali itakwera mphamvu pa dola, ndipo mafakitale angapo ku Lesotho anatseka. Kukwera ndi kutsika konseku sikunachokere ku msonkho wa Lesotho.

Polemba zimene mwapeza, tchulani gulu la mafakitale, chinthu chenicheni chimene chinasintha, ndi zaka zimene mwayeza. Mukhoza kupeza kuti opanga mankhwala anakula pamene oomba nsalu anatha, m'dziko limodzi, ndipo muzilemba zonse ziwiri monga zilili. Nenaninso poyera kuti zaka zanu zathera pati, chifukwa zotsatira zimachedwa kuoneka. Brazil inatsitsa misonkho yake pakati pa 1990 ndi 1995, ndipo akatswiri ambiri ankayembekeza kuti antchito a m'madera okhudzidwa adzasamukira kwina, malipiro n'kubwerera mwakale. Rafael Dix-Carneiro ndi Brian Kovak atawatsata, anapeza kuti patatha zaka 20 kutsalira kwa malipiro m'madera amenewo kunali kowirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi mmene kunalili patatha zaka 10. Ngati ziwerengero zanu zikuthera pa chaka chachisanu, lembani kuti mwayeza zaka zisanu zoyambirira zokha, ndipo musunge mndandanda wa mafakitale ndi madera anuwo kuti inu kapena wina adzawayezenso.